Malonda a Mtedza Amayambira Poumitsa

Akuluakulu anati malonda ndi m'maso. Koma pa malonda a mtedza pali mdani amene maso samuona: poizoni wa afulatokisini, amene amachokera ku chuku. Poizoniyu anadziwika pambuyo pa imfa ya nkhukundembo pafupifupi 100,000 ku England mu 1960, zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wachuku. Kwa munthu amaononga chiwindi ndipo angathe kuyambitsa khansa.

Mu 1998 maiko a mu mgwirizano wa European Union anakhazikitsa malire okhwima: mtedza wodyedwa ndi anthu usapitirire magawo 4 a poizoniyu pa magawo 1 biliyoni alionse. Motero ngakhale mbewu yabwino monga CG 7, imene inatulutsidwa ku Malawi mu 1990 ndipo ku Zambia imatchedwa MGV 4, siingapeze msika wapamwamba ngati yasungidwa yonyowa.

Vuto lalikulu ndi chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, kapenanso kuti thumba lilemere pa sikelo. Mlimi amapindula makilogalamu ochepa tsiku limenelo, koma chinyonthocho chimaitana chuku. Wogula akapima katundu namupeza woipa, sakana thumba limodzi lokha. Amataya chikhulupiriro pa kalabu yonse, ngakhale dera lonse. Alimi a ku Mchinji, Chipata ndi Angónia amagulitsana mtedza modutsa malire, choncho mbiri ikaipa mbali imodzi, onse avulala.

Ena amati mlimi alibe chifukwa chosankhira mtedza poti mavenda amagula wonse pa mtengo umodzi. Mfundoyi ndi yoona, ndipo ndi pomwe pagona ntchito ya mlangizi. Kuphunzitsa kusankha popanda kupeza wogula wolipira ubwino n'kungotopetsa alimi. Mlangizi athandize kalabu kugwirizana ndi wogula mtengo wa giredi iliyonse asanakolole, kusonkhanitsa katundu malo amodzi, ndi kulemba m'kaundula dzina la mwini thumba lililonse. Mtedza uumitsidwe kufikira uzilira m'makoko akaugwedeza, usungidwe wosasenda pamalo okwera, ndipo wofota kapena wobooka uchotsedwe. Wochotsedwawo usapatsidwe kwa ana.

Mpamba weniweni wa kalabu ndi wogula amene amabweranso chaka chamawa. Mlangizi amene ntchito yake imathera pa kukolola wasiya mlimi pakati pa njira.