Kumvana pamsewu ngozi ikachitika kuli ndi mtengo wake

MANGOCHI: Msewu wa M3 wochokera ku Liwonde ndi wa M10 wolowera ku Monkey Bay ndiyo imatengera ogwira ntchito m'boma ambiri ku misonkhano ya m'mbali mwa nyanja, ku Nkopola ndi madera oyandikana nawo. Misewuyi imadutsa m'dera la Mfumu Mponda, komwe galimoto zimapanikizana ndi njinga zakabaza, oyenda pansi ndi ziweto, makamaka pa Mangochi Boma ndi pa mlatho wa Bakili Muluzi. N'chifukwa chake kukhulana ndi kugundana pang'ono sikusowa.

Zikatero, madalaivala ena amathamangira kumvana pomwepo: wolakwa amapereka kangachepe, aliyense n'kumapita. Njirayi imaoneka yachidule, koma fulumira adadya gaga. Munthu amene wagwa panjinga n'kudzuka bwinobwino angathe kuyamba kumva ululu m'mutu kapena m'chifuwa patapita maola angapo, ndipo pamenepo palibe umboni wolembedwa wa zomwe zidachitika.

Lamulo la zapamsewu la 1997 limalamula dalaivala amene wachita ngozi kuti aime, aone ngati pali wovulala ndi kumuthandiza, apereke dzina lake ndi komwe amakhala, komanso kuti nkhaniyo ifike kupolisi mwachangu. Kuthawa pamalo a ngozi ndi mlandu pawokha. Ngati anthu akwiya ndipo moyo wa dalaivala uli pachiswe, kothawira ndi kupolisi, osati kunyumba.

Dalaivala wanzeru amayatsa mahazadi ndi kuika matrayango kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuti ngozi ina isachitike. Amajambula zithunzi ndi foni galimoto zisanasunthidwe, amalemba nambala ya galimoto inayo, kampani yake ya inshulansi, ndi mayina a mboni. Aliyense amene wagwa kapena kumenyetsa mutu apite kuchipatala, ngakhale atanena kuti ali bwino.

Phindu la zonsezi limaoneka pa nkhani ya chipukutamisozi. Lamulo lomweli limati galimoto za anthu ndi za makampani zikhale ndi inshulansi yoteteza anthu ena apamsewu, ndipo limalola wovulala kusumira kampani ya inshulansiyo mwachindunji. Koma makampaniwa amafuna lipoti la apolisi asanalipire. Amene adamvana pamsewu popanda lipoti amadzalipira zonse kuchokera m'thumba mwake.

Kwa oyendetsa galimoto za nambala ya MG, nkhaniyi njolemera koposa. Galimotoyo si ya dalaivala kapena bwana amene wakweramo, ndi chuma cha boma, choncho palibe mwa iwo amene ali ndi mphamvu yothetsa nkhaniyo m'mbali mwa msewu. Ngoziyo iyenera kudziwika kupolisi ndi kwa akuluakulu a unduna kapena nthambi yake, chifukwa kukonzetsa galimotoyo mobisa kumasandutsa ngozi yaing'ono kukhala mlandu wapantchito.

Pomaliza, ndalama iliyonse yolipira kupolisi, kaya ndi chindapusa kaya ndi ya lipoti, ikhale ndi lisiti la boma. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse amakhala olakwa pamaso pa lamulo.