Matumba anayi basi, ndipo si nkhanza

Abale anga, ndamva kuti dzulo kuchigayo nkhani inali ine. Akuti chigulireni kangolo ndayamba matama, mpaka kusiya matumba atatu a nandolo a alamu anga pamsewu malo alipo. Zoona, ndinawasiya. Ndinabwereranso kukawatenga, mafuta anga omwe. Koma imvani kaye mbali yanga, inunso a ku Blantyre amene mumandiimbira kuti kagalimoto munandithandiza kugula kaja kazitumikira mudzi wonse.

Ka Suzuki Jimny kanga nka injini ya 1.3, kulemera kwake kumangopitirira tani imodzi pang'ono. Kukwera kamakwera ngati mbuzi, matope a mwezi wa February sikawaopa. N'chifukwa chake anthufe timanamizika kuti kangakoke chilichonse. Kukoka kamakokadi. Mavuto ali poima.

Chaka chatha ndinapita kwa wowotcherera zitsulo wina, dzina ndisunga, kuti andiikire chitsulo chokokera ngolo, chija amati towbar. Anatenga paipi, kuwotcherera kumbuyo, kupaka penti yakuda, tsiku lomwelo zatheka. Mtengo unali wabwino, ine kusangalala. Patatha miyezi iwiri, ndikutsetsereka ndi zinanazi kupita ku Chitakale, ndinangomva khoo! Poyang'ana pagalasi, ngolo ikuyenda yokha. Inakaima m'munda wa tiyi, pafupi ndi kanjira komwe ana amadutsa pochokera kusukulu. Linali Loweruka. Likanakhala Lachiwiri masana sindikudziwa ndikanawauza chiyani makolo awo.

Mnyamatayo sindimuda kwambiri, amapanga mageti abwino ndithu. Wolakwa ndine amene ndinafuna zotchipa pa chinthu chonyamula moyo wa anthu.

Chachiwirichi ndinachita kufunsa. Jimny ili ndi chasisi, zitsulo ziwiri zikuluzikulu zoyenda pansi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo towbar yeniyeni imamangidwa pamenepo ndi mabawuti. Osati pa bampala, osatinso kuwotcherera, poti moto umafooketsa chitsulo ndipo mng'alu umayambira mkati osaoneka. Mabawuti ake yang'anani pamutu, pakhale polembedwa 8.8 kapena kuposa. A pamsika opanda nambala aja ndi omangira wilibala. Mukayenda milungu ingapo m'mabampu athuwa, lowani pansi ndi sipanala muwakungenso.

Kampira kachitsulo kokolekapo ngolo nka mamilimita 50. Pali zokolekera zina za muyeso wa ku America zooneka ngati zofanana koma zimasewera, ndiye pa dzenje zimatha kudumpha. Yesani musanalipire. Chinanso chimene sindinachiganizire poyamba: chitseko chakumbuyo cha Jimny chimatsegukira kumbali ndipo chimanyamula tayala la sipeya. Towbar ikakwera kwambiri chitseko chimagunda, ikatsika kwambiri imalima pansi potuluka m'zigwembe. Ndiye mukudziwa mmene namondwe wa Freddy anasiyira misewu yathu ya m'midzi mu March 2023, ina mpaka lero zigwembe zokhazokha. Ine ndinasankha yokwera pang'ono, chitseko chimadutsa ndi zala ziwiri.

Tcheni ndiye musachite kufunsa, chikhalepo, chokoleka pa towbar penipeni. Tsiku lija chikanakhalapo ngolo ikanangokwekwereka kumbuyo kwanga. Magetsinso: mabuleki ndi ma indiketa aziyaka pangolo, chifukwa akabaza a njinga zamoto pa msewu wa ku Muloza amakutsata ngati mwawabera.

Tsopano nkhani ya matumba. Opanga galimotoyi amati ngolo yopanda mabuleki akeake isapitirire makilogalamu 350, kuphatikiza kulemera kwa ngoloyo. Yokhala ndi mabuleki imafika 1,300, koma yanga ilibe, ngati zonse zopangidwa kuno. Tinaiyeza, ili pafupifupi 150. Otsala ndi 200. Thumba ndi 50. Werengani nokha, ngakhale mwana wa Sitandade 3 akuuzani kuti anayi.

Ena mukuti, nanga ngolo ya ng'ombe imanyamula khumi bwanji? Ng'ombe sizithamanga 60, achimwene. Ena mukuti azungu amalemba manambala ochepa dala pofuna kudziteteza. Kaya, mwina. Koma iwo amayesera pa tala wosalala, ife timatsetsereka m'mphepete mwa phiri pa dothi lofiira loterera ngati sopo. Ngolo ikalemera imakankha kagalimoto kuchokera kumbuyo, ndipo poti nkakafupi, matayala akumbuyo amayamba kupita kwawo. Ndinazilawapo kamodzi ndi matumba asanu ndi limodzi a manyowa, sindifunanso. Ngakhale anayiwo amafuna kusanja: pamwamba pa matayala, kupendekera kutsogolo pang'ono. Mukaunjika kumbuyo ngolo imavina.

Chimene chindivute kwambiri ndi maliro. Ndikudziwa tsiku lidzafika loti amfumu adzatume mwana kuti amayi akwere m'ngolo popita kumudzi wina. Ndikunena lero kuli zii kuti tsikulo musadzandione ngati mfiti: munthu m'ngolo ayi. Nkhuni, ufa, mipando, mapoto, ndidzanyamula maulendo angapo osalipiritsa. Okalamba atatu ndidzawatenga mkati.

Loweruka likubwerali ndikupita ku Limbuli. Amene ali ndi katundu andiuze pofika Lachisanu madzulo, tione ngati pakufunika maulendo awiri, mafuta tisonkherana. Alamu, matumba anu ndiye oyamba kukwera.