Sukulu ya mishoni ndi ya mwana wa yani?

Mtsikana akasankhidwa kupita ku Providence, ku Chisitu, mbiri imazungulira mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Nthungululu zake n'zomveka: sukulu ya Akatolika imeneyi ndi imodzi mwa zomwe makolo a ku Mulanje amazilota, ndipo Dr Joyce Banda, mtsogoleri wakale wa dziko lino, anaphunzira pomwepo. Koma nthungululu zikatha, mayi amakhala pamkeka ndi kapepala m'manja n'kuyamba kuwerenga chala ndi chala: fizi, yunifolomu, nsapato zakuda, bulangete, ndowa, sopo, thiransipoti. Sukulu zimatsekulira mu September, nthawi yomwe tiyi saphuka kwenikweni ndipo aganyu ambiri a m'maesiteti amakhala ali pakhomo. Mayi wothyola tiyi, yemwe malipiro ake amayendera kulemera kwa dengu, aipeza kuti ndalamayo? Mabanja ena chiwapululireni namondwe wa Freddy mu March 2023 sanaimebe bwino.

Anthu akamakamba zakuti sukulu za mpingo zilandire mwana aliyense mofanana, amathamangira nkhani ya hijabu. Ine ndikuona kuti kuno mlonda wamkulu wa pageti ndi ndalama.

Mpingo uli ndi yankho, ndipo si lopepuka. M'sukulu za mishoni zomwe boma limathandiza, boma limalipira aphunzitsi n'kusankha gawo la ophunzira, koma ufa, nyemba, magetsi ndi kukonza denga lodontha zimadalira kwambiri fizi. Mukatsitsa fizi popanda wina wokwirira dzenjelo, akutero oyendetsa sukuluzi, mupha chinthu chomwe chimakopa makolowo, ndipo woyamba kuvutika adzakhala mwana wosauka yemweyo, pakuti wolemera ali nako kothawira. Komanso amene angaphunzitse Akatolika za kusasankha mwana ayambe wapita ku Nguludi, ku Chiradzulu, akaone koleji ya Montfort yomwe imasula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndi sukulu ya ana osamva ya Mary View. Ntchitoyi anaiyamba kalekale, lamulo loona za anthu olumala la 2012 lisanalotedwe n'komwe.

Zonsezi ndikuzivomera. Pomwe ndikukakamira ndi pa malo omwe mpingo umadzigawira wokha. Amapita kwa yani? Kwa mwana wanzeru wa m'malaini a pa esiteti, kapena kwa mwana wa mkulu wa mu tauni yemwe ali ndi nambala ya foni ya bambo mfumu? Funsoli sindinalipeke ine. M'kalata yawo ya m'Lenti ya 1992, yomwe inagwedeza boma la Dr Kamuzu Banda, maepisikopi ananena kuti njira yosankhira ana opita ku sekondale iyenera kudziwika ndi aliyense, ndipo mwayi wa maphunziro usayendere amene munthu akumudziwa kapena kulemera kwa thumba lake. Muyeso umene anayesera boma uwayeneranso iwo.

Nkhani ya chipembedzo inafika poipa m'maboma ena. Mu 2019 kunabuka mkangano wa hijabu pa sukulu ya Anglican ya M'manga ku Balaka, ndipo mu 2020 ofesi ya pa sukulu ya Akatolika ya Mpiri ku Machinga inatenthedwa pa nkhani yomweyo. Mu June 2021, bungwe la Public Affairs Committee linayanjanitsa Akhristu ndi Asilamu, n'kugwirizana kuti atsikana achisilamu azivala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Alipo Akatolika omwe mpaka lero amang'ung'udza kuti sukuluzi anamanga ndi makolo awo, ndi zopereka zawo ndi njerwa zoumba okha, ndiye mlendo sangabwere ndi malamulo ake. Pa mapemphero am'mawa, pa mtanda wa pakhoma ndi pa mwambo wa sukulu, akunena zoona. Kholo lililonse limadziwa komwe likutumiza mwana. Koma mphunzitsi yemwe waima kutsogolo kwa kalasi amalandira malipiro ochokera ku msonkho wa Msilamu, wa CCAP ndi wa Seventh Day yemwe. Ku Mulanje Asilamu si ambiri ngati ku Machinga, n'chifukwa chake mtsikana mmodzi kapena awiri m'kalasi savuta kuwaiwala: amene akusala mwezi wa Ramadhani apeza chakudya dzuwa likalowa? Wa Sabata alembetsedwa mayeso Loweruka? Arkidayosizi ya Blantyre, komwe Mulanje ili, ikutsogoleredwa ndi Ambuye Thomas Luke Msusa, omwe anabadwira m'banja lachisilamu. Nkhaniyi saimvera m'mabuku.

Chovuta kuchikamba pagulu ndi mimba. Kuyambira 1993 boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka, ndipo inaunikidwanso mu 2018. Makolo ndi aphunzitsi ena m'sukulu za mpingo amaopa kuti akamulandiranso, anzake aona ngati palibe cholakwa. Sindinaonepo mtsikana wosirira mnzake yemwe akuwerengera mayeso a MSCE mwana akulira kumsana kwa agogo. Mwamuna yemwe anam'patsa mimbayo, nthawi zambiri wamkulu kuposa iye, amapitiriza moyo wake osatsekeredwa khomo lililonse. Ndipo mpingo womwe umaphunzitsa kuti mimba isachotsedwe sungalange yemwe wamvera chiphunzitsocho n'kusiya yemwe wachotsa mobisa akukhala bwinobwino m'kalasi.

Palibe akupempha kuti asisitere avule zovala zawo kapena belu la Misa lileke kulira. Pempho langa kwa a ofesi ya maphunziro ku arkidayosizi n'lakuti alengeze poyera momwe malo a mpingo amagawidwira, apatulepo ena a ana osauka a m'midzi yozungulira sukulu ndi a ana olumala, ndipo alembe m'malamulo a sukulu iliyonse kuti wobereka ali ndi malo ake. Nanu amayi amene munadutsa pa Chisitu ndipo lero muli m'maofesi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, sonkhanani mulipirire mwana mmodzi wa wothyola tiyi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4.