Vaneti ya parishi isagulitsidwe

Akhristu anzathu, m'makhonsolo a maparishi ena kuno kum'mawa mwabuka nkhani yakuti tigulitse Hilux yakale, tigule yatsopano. Ife tikuti ayi.

Injini ya 3L ilibe kompyuta. Ikafera kumudzi, makanika wa pa Katete amaidzutsa ndi sipanala, ndipo maspeya ali mbwee ku Chipata. Yatsopano ikadwala imafuna makina oipima, mwina mpaka ku Lusaka. Nanga ndalama zogulira adzasonkha ndani? Alimi omwewa, amene chilala cha 2024 chinawasiya ndi nkhokwe zopanda kanthu.

Inde, nkhalambayi imamwa oilo, m'mawa imafuna kukankha. Koma imafikitsabe Bambo kwa odwala, imanyamulabe maliro. Miphakati isonkhe za matayala ndi kukonzetsa injini, tidzaonenso tikakolola.