Siginecha ni mphatso, si nkhongole

Pali nkhani imodzi imene manyuzipepa a zamasewela na mapeji a pa Facebook amaikonda kupambana zigoli. Kaphikidwe kake n'kosavuta. Tengani vidiyo ya masekondi 10 yoonetsa wochaya bola akupita ku basi ya timu, mahedifoni kumakutu, maso kutsogolo. Pambali paoneke dzanja lonyamula jezi na bopeni. Ngati mwapezekamo nkhope ya mwana, ndiye kuti ndiwo zakolela mcele. Pamwamba lembani kuti uyu wayamba kudzimva, waiwala anthu amene anamukweza. Pofika madzulo, anthu masauzande amutukwana kale m'makomenti mpaka kuchula amai ake, ndipo wolemba nkhani wagona tulo tabwino.

Ine nikuti nkhani ya mtundu uyu ni bodza, olo vidiyo yake ikhale yeniyeni. Bodza lili pa zimene adulako. Ndipo ife a m'komboni, amene mabandulo athu amathela pa bola ya ku England, ndife timaimeza msanga na kuigawila anzathu.

Tiyambe na Mason Mount. Mu 2023, atangocoka ku Chelsea kupita ku Manchester United, kunatuluka vidiyo yomuonetsa akukana kusaina majezi amene gulu la anyamata linali kumuikila kumaso. Mukaona ciyambi cabe, munganene kuti ndalama zamulowa m'mutu. Mukamvetsela mau ake, mupeza kuti akudandaula kuti anthu amodzimodzi akhala akubwela kwa iye masiku otsatizana, ndipo sakuleka. Sikunali ku sitediyamu, sinali nthawi ya nchito. Palinso cina cimene vidiyoyo singakuuzeni: miyezi yocepa izi zisanacitike, mkazi wina anavomela mlandu m'khoti ku London wakuti anali kumulondalonda Mount yemweyo na mnzake Billy Gilmour. Munthu amene wangocoka m'zotelo, akaona anthu osawadziwa akumutsata mumsewu, mufuna aziseka nao?

Funso limene mtolankhani waulesi safunsa ni ili: wanyamula jezi uja ndani? Ife timaganiza za mwana wa giledi 6 amene sanagone usiku wonse poyembekeza kuona ngwazi yake. Ana otelo aliko. Koma pakati pao pamaima anthu akuluakulu amene siginecha ni katundu wao. Amabwela na cikwama ca majezi na zithunzi. Amadziwa hotela imene timu ikagone, geti yotulukila pa malo ophunzilila bola, ngakhale motoka ya wosewela aliyense. Safuna kuti wosewela alembepo dzina la wolandila, cifukwa jezi yolembedwa dzina la munthu siyenda malonda. Tsiku lisanathe, katunduyo ali pa eBay na mtengo wake. Ena amafika potuma ana kutsogolo, podziwa kuti kukana mwana pamaso pa kamela n'kudzikumbila dzenje. Ni amalonda ngati a salaula a pa Soweto Market, kusiyana kwake n'kwakuti wa salaula amagula belo na ndalama zake.

Amene amakhala m'masewela amawadziwa bwino anthu awa. Mu February 2017 ku Pebble Beach, katswili wa gofu Jordan Spieth anasainila ana, n'kukana amuna ena amene anaona kuti ni ogulitsa. Amunawo anayamba kumutukwana ana ali pomwepo, ndipo iye anawabwezela mau, n'kuuza atolankhani pambuyo pake kuti anthu otelo akafune nchito. Mu January 2025, Pep Guardiola anajambulidwa pafupi na kwao ku Manchester akuuza anyamata onyamula majezi kuti nkhope zao azidziwa, asabwelenso, ndipo akali acicepele, akakonzekele tsogolo lao. Monga mphunzitsi, mau amenewo ningawasaine na dzanja langa.

Ngati mufuna kuona amene amalanda mwana zenizeni, onani zimene zinacitika ku US Open mu August 2025. Wosewela tenisi wa ku Poland, Kamil Majchrzak, atapambana, anapita kwa masapota, n'kuvula kapu yake kuti apatse kamnyamata. Mwamuna wamkulu amene anaima pambali anaitsomphola n'kuiponya m'cikwama. Majchrzak ataona vidiyo anamufunafuna mwanayo mpaka anakumana naye n'kumupatsa mphatso zina. Tsiku limenelo kamela inagwila dzanja la wolanda. Masiku ambili imagwila cabe nkhope yotopa ya wosewela, pamene zigongono za akuluakulu zimene zakankha ana kumbuyo zili kunja kwa cithunzi.

Nidziwa zimene ena a imwe muyankha. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Anthu awa amalandila pa wiki imodzi ndalama zimene mphunzitsi sadzazigwilapo mpaka kupuma pa nchito, ndipo ndalamazo zimacokela kwa ife amene timalipila DStv, kugula majezi na kudzaza masitediyamu. Kusaina kamodzi kungamuthyole dzanja?

Zoona, ndalama zimacokela kwa ife. Koma tinagula ciani? Tikiti inagula mphindi 90 za bola. Wosewela ali na nkhongole kwa ife ya thukuta, ya kusagulitsa masewela, na ya ulemu. Akayenda-yenda m'bwalo ngati ali pa Cairo Road pa Sondo, tili na ufulu womukuwiza. Koma tikiti sinagule khomo la nyumba yake, cakudya cake ca madzulo na ana ake, kapena dzanja lake kulikonse kumene tamupeza. Nanenso malipilo anga amacokela ku misonkho ya makolo. Kholo lili na ufulu wofunsa ngati nimaphunzitsa komanso ngati nimaconga mabuku. Lilibe ufulu woniyembekeza pa geti 10 koloko usiku na mulu wa mabuku a ana a anzake amene lawalipilitsa. Ndipo "kamodzi" kaja si kamodzi. Kwa imwe ni kamodzi pa moyo wonse. Kwa iye ni pa eyapoti, pa filing'i sitesheni, pa maliro, tsiku lililonse. Akasainila anthu 50, wa namba 51 ndiye amene adzakhala pa vidiyo.

Kukula kwa malipilo sikucotsa mantha. Pa 30 April 1993 ku Hamburg, Monica Seles, ali na zaka 19 ndipo ali namba wanu pa dziko lonse, analasidwa mpeni kumsana na munthu wocokela m'gulu la oonelela. Anakhala zaka zoposa 2 osasewela. Mu February 2025 ku Dubai, Emma Raducanu anabisala kumbuyo kwa mpando wa woweluza akulila, ataona pakati pa oonelela mwamuna amene anali kumulondalonda. Wosewela akaona dzanja likubwela kwa iye, sadziwa nthawi zonse kuti lanyamula bopeni.

Apa musanimve molakwa. Pali osewela amwano, ndipo akalakwa nyuzipepa ilembe na zilembo zikuluzikulu. Pa 9 April 2022, Manchester United italuza 1-0 kwa Everton ku Goodison Park, Cristiano Ronaldo anamenya dzanja la mnyamata wa zaka 14 n'kumugwetsela foni pansi. Apolisi anamucenjeza, ndipo bungwe la FA linamulipilitsa mapaundi 50,000 na kumuletsa masewela 2. Cinali cilango coyenela, ndipo masapota ake amene anali kumuikila kumbuyo anali kuteteza nkhanza. Komanso mwana akakanidwa cimamuwawa zoona. Rory McIlroy, mmodzi wa akatswili a gofu a masiku ano, anasimba mu 2017 kuti ali mwana anapempha siginecha kwa Roy Keane pa hotela ina ku Ireland ndipo anakanidwa, ndiye cifukwa cake iye amayesetsa kusainila ana. Wosewela wanzelu amadziwa kuti masekondi 5 ake mwana adzawasunga zaka 30.

Koma pali mzele woonekelatu. Kumenya, kukankha na kutukwana ni mlandu. Kupitilila osaima si mlandu. Amene waima n'kusaina wapeleka mphatso, ndipo tizimutamanda. Amene sanaime sanabe kanthu ka munthu. Atolankhani amafafaniza mzele umenewu mwadala, cifukwa mutu wa nkhani wakuti wosewela anali wotopa ndipo basi inali kunyamuka palibe angaudinize.

Ndipo mau akuti "wodzimva" sagwela aliyense mofanana. Bill Russell anapambana zikho 11 za NBA na timu ya Boston Celtics pakati pa 1957 na 1969. Kwa zaka zambili anali kukana kusaina. Anali kukonda kugwila munthu canza na kuceza naye. Pafupi na mzinda umene anali kuubweletsela zikho, anthu atsankho anathyola nyumba yake, kulemba mau onyoza pa zipupa na kuipitsa pa bedi pake. Koma mbili imene inayenda inali yakuti Russell ni wamatama, ndipo ngakhale faelo yake ku FBI inamulemba ngati munthu wakuda wodzikuza amene sasainila ana a azungu. Munthu amene anthu amuipitsila pogona, amafunikanso kuwamwetulila? Mu December 2018 Raheem Sterling anaonetsa kuti matendawa sanathe. Anaika pambali-pambali mitu iwili ya nkhani yokhudza anyamata awili a Manchester City, Tosin Adarabioyo na Phil Foden, amene onse anagula nyumba zodula. Wakuda analembedwa ngati woononga ndalama asanayambe n'kusewela komwe mu Premier League. Mzungu analembedwa ngati mwana wabwino wogulila amai ake nyumba.

Izi zitikhudza cifukwa ana a kwathu ali m'mabwalo amenewo lomba. Patson Daka anapita ku Leicester City mu 2021. Barbra Banda anapita ku Orlando Pride ndipo Racheal Kundananji ku Bay FC mu 2024. Tsiku lililonse angajambulidwe akupitilila dzanja lonyamula bopeni. Likadzafika tsikulo, peji ina kuno idzakopela nkhaniyo mmene ilili, n'kuonjezelapo kuti waiwala kumene anacokela, ndipo ndodo yomukwapula adzaipatsa imwe. Tidziwana. M'komboni mwathu munthu akangogula nsapato zatsopano n'kupitilila pa kantemba osapeleka moni, mlandu wa kudzimva wagamulidwa kale.

Ngati atolankhani amamvela ana cifundo ngati mmene amanenela, pali khomo limene afunika kugogoda. Ni matimu amene anamanga mipanda, n'kukonza kuti wosewela acoke m'cipinda covalila n'kulowa m'basi osaponda pamene pali anthu. Ni matimu amene amagulitsa majezi osainidwa m'mashopu ao. Manchester City inatsegula Tunnel Club mu 2017, kumene olipila ndalama zambili amadya cakudya uku akuona osewela pa galasi pamene akulowa m'bwalo. Kuyandikila wosewela kunasanduka katundu wa olemela, ndipo mwana wa wosauka anatsala panja pa geti kulimbana na amalonda. Mankhwala ake si ovuta: tsiku loikika la ana okhaokha, aliyense cinthu cimodzi, ndipo wosewela alembepo dzina la mwanayo. Wamalonda angaleke yekha kubwela. Koma kulemba zimenezi kufuna kufunsa mabwana a timu mafunso, ndipo mabwanawo ndiwo amapeleka ziphaso zolowela m'sitediyamu. Kudzudzula mnyamata wa zaka 23 kulibe mtengo.

M'kalasi nimauza ana kuti asanayankhe funso pa nkhani imene awelenga, ayambe adziwa amene akukamba, kumene ali, na zimene zinacitika poyamba. Citani cimodzimodzi vidiyo yotelo ikafika pa foni yanu. Inayambila pati, ndipo inathela pati? Wanyamula jezi ni mwana kapena ni munthu wa ndevu? Wanyamula imodzi kapena mulu? Ni pa sitediyamu kapena pa khomo la nyumba? Nanga amene waiponya apindula ciani mukakwiya? Iye amadya pa ukali wanu, cifukwa komenti iliyonse, olo yotukwana, imakweza peji yake kuti otsatsa malonda amulipile. Akale anati citsilu cinaomba ng'oma, ocenjela navina.

Kwa imwe amene mudzapezeka pa Heroes Stadium kapena pa Levy Mwanawasa na bopeni m'manja: pemphani mwaulemu, ndipo mukaona mwana kumbuyo kwanu, mupatseni malo. Wosewela akaima, muthokozeni. Akapitilila, musatulutse foni kuti mumupezele mlandu. Munabwela kudzaona bola, ndipo mwaiona.