Ngongole ya lendi siyochotsera woweruza mtima

Abale ndi alongo okhala kuno ku England, nkhani iyi ikutikhudza. Ambiri mwa ife amene tinapeza mapepala okhalira tikukhala m'nyumba za khonsolo kapena za housing association. Nyumbazi anamangira anthu opeza movutikira. Nanga bwanji wovutika yemweyo akalephera lendi, lamulo limamuthamangitsa ngati wakuba?

Ndikunena za Ground 8 ya lamulo la Housing Act la 1988. Wokhala m'nyumba ya khonsolo akakhala ndi ngongole, woweruza amamva kaye vuto lake, ndipo angalole kuti azibweza pang'onopang'ono. Koma housing association ikasuma ndi Ground 8, ndipo ngongole yafika pa malire tsiku la notisi komanso tsiku la mlandu, woweruza alibe chochita. Ayenera kulamula kuti banjalo lituluke. Mu 1996 malirewo anawatsitsa kufika miyezi iwiri. Lamulo la Renters' Rights Act la 2025 lawabwezera pa miyezi itatu. Manja a woweruza akadali omangidwa.

Ena amati, wangongole alipire basi. Zoona, lendi ndiyofunika kulipira. Koma ngongole zina amazibala ndi boma lomwe. Wofunsira Universal Credit amadikira pafupifupi masabata asanu asanalandire kobiri. Mu 2004, pa mlandu wa North British Housing Association ndi Matthews, khoti la apilo linati kuchedwa kwa housing benefit pakokha si chifukwa choimitsira mlandu wa Ground 8. Wachedwetsa ndalama ndi wina, wogona panja ndi wina. Chilungamo chake n'chiti?

Mabungwe a nyumbazi asiye kugwiritsa ntchito Ground 8. Njira yolola woweruza kuganiza ilipo kale.

Ifenso tisiye manyazi. Kubisa kalata pansi pa matiresi n'kudzikumbira dzenje. Malamulo oyendetsera milanduyi, amene anayamba mu 2006, amafuna kuti landilodi wa nyumba zotere akambirane nanu kaye za kabwezedwe asanapite kukhoti. Kuyambira 2021 kulinso Breathing Space, yoimitsa kulonjerera ngongole masiku 60. Funsani a Shelter kapena Citizens Advice. Tsiku la mlandu pitani, musatumize mphepo. Mutu umodzi susenza denga: tiuzane msanga, ma bailiff asanagogode.