Musanafomate, werengani kaye zimene kompyuta yanena

Pali mankhwala amodzi amene okonza makompyuta ambiri amapereka pa matenda alionse: "Ingoifomatani." Kompyuta ikamachedwa, ifomateni. Ikakana kusindikiza, ifomateni. Virtual machine ikakana kuyaka, munthu amathamangira kotenga fulashi ya Windows asanawerenge n'komwe uthenga umene uli pa sikirini. Ife tikuti chizolowezi chimenechi chithe, makamaka kwa ife ophunzira amene mawa lino tidzakhale aphunzitsi ndi akatswiri kumadera akumidzi.

Virtual machine ndi kompyuta yongoyerekeza imene imagwira ntchito m'kati mwa kompyuta yeniyeni, kudzera pa pulogalamu monga VirtualBox kapena VMware. Phindu lake limaoneka bwino kumene zipangizo zili zochepa. Taganizirani sukulu ya CDSS ya cha ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma imene ili ndi makompyuta owerengeka, ambiri mwa iwo akale, ochita kupatsidwa. Nthawi zina kompyuta yosungira malikisi a ana ndi yomweyonso yophunzitsira Computer Studies. Ndi virtual machine, mwana wa Fomu 3 angathe kuphunzira kuika Ubuntu, kuononga, n'kuyambiranso, mafayilo a ku ofesi osakhudzidwa. Tsono ikakana kuyaka, munthu wina n'kufomata kompyuta yonse, zimene zatayika ndi ntchito ya teremu yathunthu, pamene vuto likhalabe pomwepo.

Tikutero chifukwa nthawi zambiri vutolo silikhala mu Windows ayi. Purosesa ili ndi mbali yapadera yothandiza virtual machine: ya Intel imatchedwa VT-x ndipo inayamba mu 2005, ya AMD ndi AMD-V, ya mu 2006. Makompyuta ambiri a m'maofesi amabwera mbali imeneyi ili yozimitsa mu BIOS. Kale VirtualBox inkatha kuyenda popanda iyo, koma kuyambira pa VirtualBox 6.1, imene inatuluka mu December 2019, siyendanso. Ndiye mukaona uthenga wotchula VT-x kapena AMD-V, kompyuta yakuuzani kale pamene pali chilonda. Tsimikizani potsegula Task Manager, kupita pa Performance kenako CPU, n'kuona ngati pa Virtualization palembedwa Enabled kapena Disabled. Ngati n'pozimitsa, yatsaninso kompyutayo, lowani mu BIOS, kawirikawiri pa F2 ikakhala Dell ndi F10 ikakhala HP, yatsani Virtualization Technology, kapena SVM Mode pa AMD, n'kusunga. Ngakhale mufomate kakhumi, zimenezi sizisintha, pakuti BIOS sikhala pa hadi disiki.

Pamenepa pali chinthu china chimene kwathu kuno chimachitika kawirikawiri. Zimene mwasankha mu BIOS zimasungika ndi mphamvu ya kabatire kakang'ono kozungulira, ka CR2032, kokhala pa mothabodi. Pa kompyuta yazaka zambiri kabatireka kamakhala katatha. Magetsi a ESCOM akangozima, kapena wina akazula pulagi madzulo, BIOS imatha kubwerera mmene inachokera ku fakitale, ndipo VT-x imazimanso. Chizindikiro chake n'chosavuta: deti ndi nthawi za pa kompyutayo zimakhala zosokonekera m'mawa uliwonse. Kugula kabatire kamodzi kokha kumathetsa nkhani imene ikanadya ndalama ya thiransipoti yonyamulira kompyuta kuchokera ku Namitete kapena Mpingu kupita nayo m'tauni ya Lilongwe pamsewu wa M12.

Ngati VT-x ili yoyaka koma zikukanikabe, funso lachiwiri ndi lakuti: ndani wina akuigwiritsa ntchito? Windows ili ndi yakeyake yotchedwa Hyper-V, ndipo ikayaka imagwira mbali ija ya purosesa. VirtualBox imakana, kapena imayenda mokwawa, kachithunzi ka kamba wobiriwira kakuoneka m'munsi mwa windo. Zimitsani Hyper-V pa Windows Features, muonenso Memory Integrity pa Windows Security, kenako yatsaninso kompyuta. Funso lachitatu ndi la RAM. Kompyuta ya 4 GB singapereke 3 GB kwa mlendo, mwini nyumba n'kukhala bwino. Chepetsani gawo la mlendoyo, tsekani Chrome, yesaninso. Ndipo ngati magetsi anazima virtual machine ili m'kati mogwira ntchito, kapena fayilo yake ya .vdi inasunthidwa kupita pa fulashi, VirtualBox imalemba Aborted kapena Inaccessible. Apa n'pofunika kuilozera kumene fayiloyo ili tsopano, kapena kudina Discard ngati chimene chaonongeka ndi saved state. Zonsezi zikakanika, pa Show Log pali mbiri yonse ya zimene zinachitika, ndipo mawu oyamba ndi VERR ndi amene muyenera kukopera n'kufufuza pa intaneti.

Ena anena kuti kufomata n'kwachangu, ndipo munthu wa kutauni amene ali ndi intaneti ya pa ofesi angathe kuona choncho. Koma ku Kabudula kufomata kumatanthauza kutsitsanso ma driver, ma update ndi mapulogalamu, zonse pa bandulo ya pa foni ya mphunzitsi. Fayilo ya Ubuntu yokha masiku ano imapitirira 5 GB. Komanso Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, pamene makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Choncho makina amene alipowa tiyenera kuwasamala ndi kuwadziwa bwino, chifukwa atsopano sabwera msanga. Kuthamanga sikufika.

Pempho lathu likupita kwa aphunzitsi athu a ICT: m'mayeso a pulakitiko muzitipatsako kompyuta imene mwaizimitsira dala VT-x, kapena mwaibisira fayilo ya .vdi, ndipo malikisi azipita kwa amene wapeza chifukwa chake n'kuchifotokoza. Kuika pulogalamu podina Next aliyense angathe. Kwa ophunzira anzathu amene mukupita ku teaching practice kapena ku attachment, tengani kabuku, muzilembamo uthenga uliwonse umene kompyuta yakupatsani ndi zimene munachita, ndipo pochoka musiyire mphunzitsi wa pasukulupo tsamba limodzi lolembedwa bwino. Tsiku limene virtual machine idzakanenso inu kulibe, iye adzadziwa poyambira, ndipo malikisi a ana adzakhala ali pamalo pake.